Nyimbo ya Kansomba ndi Msodzi

Anthu a ku Malawi amene anakhazikika m'makomboni a mzinda wa Harare, monga Mbare ndi Highfield, adziwa bwino nthano za Kalulu ndi Fisi, zokhala ndi nyimbo pakati pace. Adziwanso kuti nthano yoseketsa imabisa mwambo. Ku Ulaya nako ziriko nyimbo zotere, zoimba munthu mmodzi, mnzace ali kumuombera piyano. Imodzi yodziwika kopambana ndiyo "Die Forelle", ndiko kuti nsomba ya trout. Nsomba imeneyi ikonda mitsinje yozizira, ndipo Azungu anaibweretsa ku mapiri a Nyanga ndi Zomba.

Anaipeka nyimboyi ndiye Franz Schubert wa ku Vienna, m'caka ca 1817, ali ndi zaka 20. Iye anamwalira mu 1828, atasiya nyimbo zoposa 600. Nkhani yace ndi yaifupi. Munthu waima pa gombe la kamtsinje, nayang'ana kansomba kali kusewera m'madzi oyera. Msodzi wafika ndi mbedza, koma alephera kukakola, popeza kali kumuona. Pamenepo iye abvundula madzi dala, ndipo kansomba, posaonanso, kagwidwa.

M'nyimboyi piyano iri ndi nchito yaceyace. Woimba asimba nkhani, koma zala za woomba piyano zithamanga ndi kulumpha monga kansomba kaja. Pofika pa kubvundula madzi maimbidwe asintha: mau a piyano alemera ndi kupiringizika, kotero kuti ngakhale wosamva Cijeremani azindikira kuti zinthu zaipa. Schubert anaikonda nyimboyi, ndipo mu 1819 anaibwereza m'nyimbo yaikulu ya zoimbira zisanu.

Mau ace analemba ndi munthu wina, Christian Schubart, mkonzi wa nyuzipepala amene anali kunyodola mafumu. Mu 1777 anthu a mfumu Carl Eugen anamuitana mwacinyengo kuti alowe m'dziko la Württemberg. Atangolowa anamgwira, nakhala m'ndende ya Hohenasperg zaka 10 osaweruzidwa mlandu. Ndakatulo ya kansomba anailemba ali m'ndende momwemo. Ndime yace yotsiriza icenjeza atsikana za amuna onyenga, koma Schubert anaisiya, kotero womvera atsala ndi nchito yodzipezera yekha mwambo.

Mwambowo suli kutali ndi moyo wa m'komboni. Wonyenga sagwira munthu amene ali kuona bwino. Ayamba wamsokoneza ndi mau okoma, kapena a nchito yabwino, kapena a ndalama zofulumira, kapena a ukwati. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyimbo imeneyi itha mphindi ziwiri zokha, ndipo womvera wanzeru atchere khutu kwambiri pamene piyano iyamba kubvundula madzi.