Kuwoletsa zotsala za chakudya pakhomo

Kuwoletsa zotsala za chakudya ndi njira yotayira zinyalala za kukhitchini poziika m'chidebe chokwirira pansi kapena m'dzenje lovundikira kuti ziwole n'kubwerera m'nthaka. Zinyalalazi ndi monga makoko a mbatata ndi nthochi, masamba otsala posadzula ndiwo, nkhoko, minga ya nsomba ndi mkute wosasa. Njirayi imasiyana ndi dzala, pomwe anthu amataya chilichonse poyera mpaka agalu, makoswe ndi ntchentche kupezapo pogonera.

Mmene chidebecho chimagwirira ntchito

Ku Britain ndi ku Canada kumagulitsidwa chipangizo cha pulasitiki chotchedwa Green Cone. Kumunsi kwake kuli dengu lomwe limakwiriridwa pansi, ndipo mbali ya pamwamba imatenthedwa ndi dzuwa. Ku Malawi munthu angathe kupanga chake pogwiritsa ntchito ndowa yakale ya malita 20 kapena mgolo. Amaboola timabowo pansi ndi m'mbali mwake, n'kuikwirira kupitirira theka, kukamwa kokha kutsala pamtunda ndi chivundikiro chothina bwino.

Gawo lalikulu la zotsala za chakudya ndi madzi. Tizilombo tosaoneka ndi maso tikamadya zotsalazo, madziwo amatuluka pa timabowo tija n'kulowa m'nthaka, ndipo nyongolotsi zimalowera pomwepo kudzamaliza ntchito. N'chifukwa chake chidebe chimachedwa kudzaza ngakhale banja likutayamo tsiku ndi tsiku. Manyowa otsala m'kati amakhala ochepa. Phindu lenileni limapita ku mbewu zoyandikana nacho, monga nthochi, papaya kapena maungu.

Tizilomboti timafuna kutentha, chinyezi ndi mpweya. Madzi akadzaza m'chidebe mpweya umasowa, zinyalala zimayamba kununkha ndi kutulutsa mpweya wa methane. Zikatero ndi bwino kuthiramo masamba ouma kapena udzu wodulidula. Phulusa limachepetsa fungo koma lisachuluke.

Ku Mtengowanthenga

Mtengowanthenga ali m'boma la Dowa, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lumbadzi ndi Mponela. M'midzi ya kuno, mpaka kukafika kumapiri a Ntchisi, chakudya sichitayidwa wambawamba. Mkute umadyedwa m'mawa, madeya amapita kwa nkhumba, nkhoko n'za nkhuku. Kwa banja loweta, chidebe chimangolandira zomwe ziweto zakana. Amene chingawathandize kwambiri ndi okhala m'nyumba za lendi pamsika, aphunzitsi ndi ogulitsa zakudya, omwe alibe khola komanso malo awo ndi ochepa.

Nyengo ya derali imalamula pokumba. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, choncho chidebe chisakhale kudambo kapena podutsa madzi otsika m'phiri. Pa dothi lamakande ndi bwino kuyala timiyala pansi pa dzenje kuti madzi asaime. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira ndipo kuwola kumachedwa, motero malo owomba dzuwa tsiku lonse ndiwo abwino. Chidebe chitalikirenso chitsime, mamita 30 monga muja alangizi a zaumoyo amanenera za chimbudzi.

Pali zina zosayenera kulowamo: mabatire, magalasi, mankhwala ndi majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe majumbo akadali mbwee m'madzala ambiri. Jumbo siliwola, limangotseka timabowo.

Kusiyana kwake ndi manyowa a kumunda

Chidebe sichingalowe m'malo mwa kompositi. Mlimi wofuna manyowa okwanira munda wa chimanga amatsata njira zomwe alangizi a zaulimi amaphunzitsa, monga ya dzenje, ya changu, kapena ya chimato yomwe mulu wa mapesi ndi ndowe umamatidwa ndi dothi. Palinso manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, omwe amapsa pakatha masiku 21. Njirazi zimafuna zipangizo zambiri nthawi imodzi, pomwe chidebe chimalandira pang'onopang'ono zochokera pa mafuwa. Chikadzaza, mwini wake amachisiya miyezi ingapo kuti zam'kati ziphwe, n'kuyamba kutaya m'chidebe china.