Makina olemba malonda ayambanso kulandira ndalama

Alimi a mbatata ndi nyemba amene amapita kukagula katundu m'masitolo akuluakulu ku Tete aona kale kuti kope la mwini sitolo ndi kabokosi ka ndalama zasanduka chinthu chimodzi. Kale wogulitsa ankalandira ndalama m'manja, n'kulemba m'kope kuti shuga watsala mapaketi angati, madzulo n'kuwerengera pa nyali. Lero kompyuta yomwe imasunga chiwerengero cha katundu ndi yomwenso imalandira malipiro. Wogula akalipira ndi khadi la kubanki kapena ndi foni, makinawo amachotsa katunduyo pa mndandanda, amatulutsa lisiti, ndipo ndalama zimapita ku akaunti ya sitolo popanda wina kuzigwira.

Amene ali ndi magetsi a Credelec amazidziwa kale izi. Mukalipira pa foni, kompyuta ya EDM imalandira ndalamazo ndipo nthawi yomweyo imakutumizirani manambala 20 oti mulowetse m'mita. Palibe kalaliki wokhala pakati.

Njira imeneyi inatheka chifukwa cha ndalama za pa foni. mKesh inayamba mu 2011, M-Pesa ya Vodacom mu 2013, kenako e-Mola ya Movitel. Kuyambira mu Julaye 2022 munthu akhoza kutumiza ndalama kuchokera ku imodzi kupita ku inzake, chinthu chomwe poyamba sichinkatheka.

Ubwino wake sitingaukane. Mnyamata wogulitsa sangabise makobidi m'thumba, ndipo mwini sitolo sayendanso usiku ndi ndalama zambiri m'chikwama. Koma eni magolosale a ku Ulongué, Domué ndi Tsangano amene akuganiza zogula makinawa afunse kaye mafunso. Kampani yodutsitsa ndalamazo imatapako kangachepe pa malonda alionse, ndipo kwa wogulitsa sopo ndi mchere, amene phindu lake n'lochepa kale, kangachepeko kamamveka. Afunsenso kuti ndalama zimafika tsiku lomwelo kapena zimagona m'njira, pakuti wofuna kukapikula katundu m'mawa sangadikire.

Nkhani yaikulu ndi yoti makinawo akaima, zonse zimaima. Tikumbukire zomwe zinachitika pa 16 Novembala 2018. Bungwe la SIMO, lomwe limalumikiza mabanki a dziko lino, linali pa mkangano wa malipiro ndi kampani ya ku Portugal yotchedwa BizFirst, imene inkapereka pulogalamu yoyendetsera makinawo. Pulogalamuyo itatsekedwa, makina otapira ndalama ndi olipirira m'masitolo a mabanki ambiri anangoti zii pafupifupi masiku asanu. Anthu anali nazo ndalama m'banki koma osatha kugula ngakhale buledi, ndipo masitolo odalira makhadi anabweza ogula. A Millennium BIM anapumako, popeza nthawi imeneyo bankiyo inali ndi njira yakeyake. Pambuyo pake ntchitoyo inapatsidwa kwa kampani ya ku America yotchedwa Euronet. Zimenezo zinachitika m'mizinda momwe magetsi ndi netiweki zilipo. Nanga kuno, kumene foni imagwira mutakwera pachulu? Kope lija musalitaye, abale, ndipo usiku uliwonse muzilembamo zomwe makina awerengera.

Palinso za ngongole. Golosale ya kumudzi imayenda ndi mawu akuti ndidzalipira ndikakolola. Makina akhoza kulemba dzina la wokongola ndi kuchuluka kwa ngongoleyo, koma sadziwa kuti ameneyu ndi mlamu wanu kapena kuti chimanga chake chinakokoloka ndi madzi. Zimenezo zidzakhalabe m'mutu mwa mwini sitolo.

Ndipo m'malire muno, ku Calómuè, Biriwiri ndi Zóbuè, ogula ambiri amabwera ndi makwacha a ku Malawi. Akaunti ya sitolo ndi ya metikali. Choncho wobwera ndi kwacha adzayambabe wadzera kwa anyamata osintha ndalama m'mbali mwa msewu, kapena agwirizane mtengo ndi mwini sitolo pakamwa monga mwa masiku onse.