Tchuthi cha Adzukulu Kutsidya kwa Muloza

Sukulu zikatsekera mu Disembala, agogo ena a ku Milange amatenga adzukulu awo n'kuwoloka nawo malire pa Muloza kupita ku Malawi. Ulendowu ndi waufupi, koma nkhani yake ndi yaitali.

M'chaka cha 1986, nkhondo itafika pa Milange, anthu zikwizikwi anathawira m'boma la Mulanje. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo, koma anasiya manda a abale, anzawo ndi ana aakazi amene anakwatiwa komweko.

N'chifukwa chake agogowa safuna kupita okha. Ana amasangalala ndi msika wa Limbuli, minda ya tiyi ndi phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Koma agogo amayamba ndi kuwalozera manda, kenako kuwapereka kwa mabanja amene anawapatsa malo olima.

Agogowa akadzatsikira kulichete adzukulu asanaonetsedwe malowa, ndani adzalambule mandawo, nanga chibalechi adzachisunge ndani?