MADZI A PA POMPI ATETEZA ANTHU KOMA AKHOZA KUPHA NSOMBA

Anthu okhala m'komboni ya Dambwa mu mzinda wa Livingstone amamwa madzi ocokera mu mtsinje wa Zambezi. Kampani ya Southern Water and Sanitation Company ndiyo imapopa madziwo kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, niwasefa, niwathira mankhwala a klorini, kenaka niwatumiza m'mipope kufikira pa pompi ya pakhomo. Mu mtsinjemo nsomba zimaswana ndi kukula bwino lomwe. Koma munthu akatunga madzi omwewo pa pompi ndi kuwathira m'thanki ya nsomba nthawi yomweyo, akhoza kudzuka m'mawa napeza nsomba zake zikuyandama, mimba zili kumwamba.

Nkhani imeneyi ikhudza mlimi amene aweta nsomba m'thanki kapena m'dziwe la samenti kuseri kwa nyumba. Koma anthu amene aidziwa kopambana ndi aja osunga nsomba za m'nyanja ya mcere m'mathanki a galasi, pakuti zamoyo zao sizicedwa kufa madzi akalakwika pang'ono cabe. Zimene iwo anaphunzira zikhoza kupulumutsa ndalama za mlimi.

NCHITO YA KLORINI

Klorini ndi mankhwala opha tizilombo tobweretsa kolera, taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lilangiza kuti madzi pofika pa pompi azikhalabe ndi klorini wotsala pang'ono, mamiligalamu 0.2 kufikira 0.5 pa lita imodzi, kuti asaipitsidwe m'njira. Muyeso umenewu supweteka munthu.

Nsomba ili ndi vuto lina. Iyo ipuma ndi ziwalo zofiira, zofewa, zimene zili m'mbali mwa mutu wake, ndipo madzi amadutsa m'menemo usana ndi usiku. Klorini amaocha ziwalo zimenezi, kotero nsomba ilephera kutenga mpweya ngakhale ili m'madzi oyera mbee. Ndiponso m'thanki iliyonse yokhalitsa muli tizilombo tina tabwino, tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa zonyansa za nsomba kuti zisakhale poizoni. Klorini sasankha. Amapha tabwino ndi toipa tomwe.

ZAMBEZI NDI MAKORALI

Zambia ilibe nyanja ya mcere. Mtsinje wa Zambezi ukacoka ku Livingstone umadutsa Kariba ndi Tete, nukathira m'nyanja ya Indian Ocean kufupi ndi Chinde ku Mozambique. M'nyanja imeneyo muli zamoyo zochedwa makorali. Poziona munthu aganiza kuti ndi miyala kapena zitsamba za maluwa, koma ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala m'magulu, timene timadzimangira nyumba za mwala wa laimu. Nyumbazo zikaunjikana kwa zaka mazana ambiri zimasanduka matanthwe a pansi pa madzi, momwe mubisala nsomba za mawanga okongola.

Matanthwe otere apezeka ku zisumbu za Bazaruto, zimene zinaikidwa kukhala malo otetezedwa m'caka ca 1971, ndi ku zisumbu za Quirimbas kumpoto kwa Mozambique. Koma pamathiriro a Zambezi sakula, cifukwa mtsinje umabweretsa matope ndi madzi opanda mcere. Makorali afuna madzi oonekera mpaka pansi, a mcere wosasinthasintha, opanda manyowa ambiri. Motero madzi amene adyetsa mzinda wonse wa Livingstone ndi omwewo amene aletsa makorali kukula kumene mtsinje uthera.

KUPANGA NYANJA M'NYUMBA

Nyumba zazikulu zoonetseramo nsomba monga Two Oceans Aquarium ku Cape Town, imene inatsegulidwa mu 1995, ndi uShaka Marine World ku Durban, ya mu 2004, zinamangidwa m'mphepete mwa nyanja, pafupi ndi madzi a mcere enieni. Munthu wokhala kutali ndi gombe, kaya ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Dambwa, ayenera kudzipangira yekha madzi a m'nyanja.

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja ili ndi mcere wokwana magalamu 35. Ndiye kuti mgolo wa malita 200 ufuna makilogalamu 7. Mcere wa m'ndiwo sukwanira. Pamafunika mcere wosakanizidwa ku fakitale, umene uli ndi zonse zimene makorali amangira nyumba zao. Funso lalikulu likhala pa madzi osungunulira mcerewo, ngati akhale a pa pompi kapena oyeretsedwa ndi makina.

Amene asunga makorali kwa nthawi yaitali amakana madzi a pa pompi, ngakhale klorini atacotsedwamo. Madzi a mu mtsinje amatenga zotsala za feteleza ndi manyowa, monga fosifeti ndi naitireti. Pa muyeso wocepa zinthu zimenezi sizivuta munthu, koma m'thanki ya galasi zimadyetsa ndere. Nderezo zimakuta galasi ndi miyala, niziphimba makorali kufikira atafa. Kwina madzi amatenganso mkuwa wocokera ku mipope ndi zolumikizira zake. Mkuwa, umene ndiwo cuma cacikulu ca dziko lino, ndi poizoni kwa makorali, nkhono ndi nkhanu za m'nyanja, ngakhale pa muyeso wocepa kwambiri.

Kutentha kumaonjezera vuto. M'mwezi wa October, pamene dzuwa liswa mtengo ku Livingstone, madzi a m'thanki amauma msanga. Couluka ndi madzi okha. Mcere ndi zonse zosungunuka zimatsala. Thanki ikamataya malita 2 pa tsiku, mwini wake adzathiramo malita oposa 700 pa caka kuti ikhale yodzala. Ngati onsewo ndi a pa pompi, zotsala zao zidzaunjikana mwezi ndi mwezi, monga momwe zoyera zija zimakhalira pansi pa ketulo yophikira tiyi masiku onse. Ndico cifukwa cake thanki imaoneka bwino poyamba, nidzaonongeka patapita miyezi, mwini wake osadziwa cimene calakwika.

Makina oyeretsera amene amagwiritsidwa nchito achedwa reverse osmosis. Madzi amayamba adutsa m'makala ocotsa klorini, kenaka akankhidwa mwamphamvu kupyola kansalu ka timabowo tating'ono kwambiri, kamene kalola madzi kudutsa koma kagwira pafupifupi zonse zosungunuka. Zotsalira zocepa zimagwidwa ndi timikanda ta mankhwala m'botolo lomaliza. Makina ang'ono a m'nyumba amataya malita 3 kapena 4 pa lita iliyonse yoyera. Madzi otayikawo ndi abwino kucapira ndi kukolopera, ndipo ndi kulakwa kuwasiya apite mu ngalande. Kuwiritsa madzi sikulowa m'malo mwa makina amenewa, pakuti kumacotsa klorini koma zosungunuka zonse zimatsalamo.

MLIMI WA NSOMBA ACITE CIANI

Mlimi woweta nsomba za m'madzi opanda mcere, monga mabulimu ndi milamba, asataye ndalama kugula makina otere. Nsomba zimenezi zinazolowera madzi a mu mtsinje ndi zonse zili m'menemo, ndipo madzi oyeretsedwa kotheratu akhoza kuzifooketsa. Cimodzimodzinso nsomba zokongola za m'nyanja ya Tanganyika ndi nyanja ya Malawi, zimene zigulitsidwa ku maiko a kutali, zimakonda madzi okhala ndi mcere wa m'miyala. Pa madzi a pa pompi, cofunika kwa mlimi ndi kucotsa klorini.

Njira yosafuna ndalama ndi kutunga madzi mu mgolo wosavundikira ndi kuwasiya tsiku limodzi kapena awiri, nkumawavundula kapena kuwatsanulira mu mgolo wina kuti klorini auluke. M'mizinda ina ya kunja amathira mtundu wa klorini wosauluka msanga wochedwa chloramine, ndipo kumeneko kudikira sikuthandiza. Pofuna kufulumira pali mankhwala a sodium thiosulphate amene amathetsa mphamvu ya klorini m'mphindi zocepa.

Mgolo ukhale woti sunasungepo dizilo, sopo kapena mankhwala opopera thonje ndi ndiwo zamasamba. Posintha madzi mlimi acotse gawo locepa cabe, monga limodzi mwa magawo asanu, osati onse nthawi imodzi. Tiana ta nsomba tikafika m'thumba la pulasitiki, thumbalo liyandame pamadzi kwa mphindi 20 lisanamasulidwe, kuti kutentha kwa madzi kufanane. Ndi nzeru kuyamba waikamo tiwiri kapena titatu ndi kuona m'mene tigonere, m'malo motaya mbeu yonse pa tsiku limodzi. Alangizi a Dipatimenti ya za Nsomba alipo kuti athandize pa zimenezi, ndipo akulu anati safunsa anadya phula.

MADZI AKUMWA ASAKHUDZIDWE

Pali cenjezo limene banja lililonse liyenera kusunga. Wina pomva kuti klorini apha nsomba akhoza kuganiza kuti ndi woipanso kwa ana ake. Maganizo amenewo ndi oopsa. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 nupitirira mu 2024 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lino, nupha oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Klorini wa pa pompi, pamodzi ndi Clorin wa m'botolo amene anayamba kugulitsidwa m'Zambia mu 1998, ndi zida zazikulu zoletsa imfa zotere.

Motero pakhomo pamene aweta nsomba payenera kukhala zotungira ziwiri zosasokonezeka. Mgolo wa nsomba ukhale panja, wosavundikira, ndipo ana auzidwe kuti asamwemo, pakuti madzi amene klorini wauluka alibenso citetezo. Cigubu ca madzi akumwa cikhale m'nyumba, cotsukidwa bwino ndi cotseka, ndipo ngati madziwo acokera pa citsime kapena pa mtsinje, athiridwe Clorin kapena awiritsidwe banja lisanamwe.