Chuma chogona m'mabotolo

Ku Corsham, m'chigawo cha Wiltshire ku England, kuli mgodi wakale umene anthu a makedzana adakumbamo miyala yomangira nyumba, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali adausandutsa mosungira zida. Koma lero munthu akatsikira mmenemo, mamita pafupifupi 30 pansi pa nthaka, kumene dzuwa silifika ndipo kuzizira sikusintha chaka chonse, adzapeza mabokosi amatabwa osanjikizana mizeremizere, lililonse lili ndi mabotolo a vinyo ogonekedwa chammbali kuti chotsekera chisaume ndi kulowetsa mpweya. Ambiri mwa eni ake sadawaonepo mabotolowo ndi maso, ndipo ena sadzalawako ngakhale dontho limodzi, pakuti adawagula monga munthu agulira ng'ombe kapena munda, kuti chuma chikule iye ali pa ntchito zina.

Chimene chikweza mtengo wa vinyo wotere sichovuta kuchimvetsa. Munda wa mpesa wodziwika uli ndi malire ake amene sangafutukulidwe, ndipo zokolola za chaka chimodzi zikathiridwa m'mabotolo sipadzakhalanso zina zofanana nazo mpaka kalekale. Tsono botolo lililonse limene litsegulidwa paphwando lichepetsa otsala, pamene otsalawo, ngati asungidwa bwino, amka nakoma kwa zaka 20, 30 kapena kupitirira. Chinthu chimene chikucheperachepera uku chikukomerakomera sichilephera kupeza ochifuna. Komatu mwa vinyo yense wa pa dziko lapansi ndi wochepa kwambiri amene ali ndi mphamvu yopirira zaka zotere. Wotsalayo adapangidwira kumwedwa msanga, ndipo womusunga angokolola vinyo wosasa.

Mzinda wa Bordeaux ku France ndiwo likulu la malonda amenewa. M'chaka cha 1855, pamene mfumu Napoleon III inkakonza chionetsero chachikulu ku Paris, amalonda a ku Bordeaux adapemphedwa kusanja vinyo wa dera lawo, ndipo iwo, potsata mitengo imene ogula adakhala akulipira kwa zaka zambiri, adaika minda ya vinyo wofiira m'magulu asanu. Pamwamba padakhala minda inayi: Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion. Baron Philippe de Rothschild adalimbika kwa zaka zochuluka kuti munda wake wa Mouton ukwezedwe, ndipo zidatheka mu 1973. Kupatula pamenepo mndandandawo waima pafupifupi monga udalembedwera, ndipo mpaka lero wogula ku London, ku New York kapena ku Hong Kong amayamba wayang'ana pamenepo.

Ku Burgundy, chakum'mawa kwa dzikolo, zinthu nzosiyana, chifukwa kumeneko amonke a m'zaka zakale adayang'anitsitsa nthaka mibadwomibadwo, nazindikira kuti timinda tiwiri tolekanitsidwa ndi kanjira chabe tingathe kubala vinyo wosiyana kukoma, nalemba malire ndi makoma amiyala amene alipobe. Munda wa Romanée-Conti sukwana mahekitala awiri. M'chaka cha 1945 udatulutsa mabotolo 600 okha, ndipo zitatero mipesa yakale idazulidwa, osatulukanso vinyo wa mundawo mpaka 1952. Mu Okutobala 2018, botolo limodzi la chaka chimenecho lidagulidwa pa okushoni ya Sotheby's ku New York pa mtengo wa madola 558,000. Nkhani zotere ndizo zimene zimautsa mtima wa anthu kuti aikeko ndalama zawo, ngakhale kuti botolo limodzi lotere lili pakati pa zikwizikwi zimene sizidabweze ngakhale ndalama yosungira.

Njira yodziwika yogulira ndi imene Afalansa amaitcha en primeur, ndiko kugula vinyo akadali m'migolo. Mphesa zimathyoledwa cha mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo ikafika nyengo ya Epulo amalonda ndi akatswiri olawa amasonkhana ku Bordeaux, nayendera nyumba zofulira, kumene wantchito amatunga vinyo wosakhwima mumgolo wa thundu wa malita 225, umene umadzaza mabotolo 300, nathira pang'ono m'tambula ya mlendo aliyense. Mlendoyo amanunkhiza, amazunguza vinyoyo m'kamwa, amalavula, nalemba m'kabuku kake chimene akuganiza kuti chakumwa chowawira ndi chomanga lilime chimenechi chidzakhala pakapita zaka 20. Wogula amalipira nthawi yomweyo, koma mabotolo ake amafika patapita pafupifupi zaka ziwiri. Mawu a olawa amenewa ali ndi mphamvu yaikulu: Robert Parker, loya wa ku Maryland ku America amene ankapereka malikisi mpaka 100, adatama vinyo wa 1982 pamene ena ankakayika, ndipo zaka zitamuvomereza, liwu lake lidayamba kukweza ndi kutsitsa mitengo m'dziko lonse.

Pano mpamene mwambi wa akuluakulu uyenera kukumbukiridwa, wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mu 2008 boma la Hong Kong lidachotsa msonkho wa vinyo, ndipo anthu olemera a ku China adathamangira mabotolo a Bordeaux, makamaka a Lafite, kotero kuti mundawo udasindikiza chizindikiro cha Chitchaina cha nambala 8, imene kumeneko amaiyesa yamwayi, pa mabotolo a chaka cha 2008. Mitengo idakwera modabwitsa, eni minda adagulitsa vinyo wa 2009 ndi 2010 pa mitengo imene idali isadaonekepo, ndipo ambiri adagula poganiza kuti mawa kudzacha monga dzulo. Pakati pa chaka cha 2011 msika udatembenuka, mitengo idagwa kwa zaka zingapo zotsatizana, ndipo amene adagula pa nsonga adakhala ndi mabokosi otsika mtengo kuposa ndalama imene adalipira. Msika wa Liv-ex wa ku London, umene umalemba mitengo ya malonda amenewa, udaonetsanso kukwera kwina kumene kudafika pachimake mu 2022, kenaka kutsika kudabweranso. Pa nthawi yonseyi botolo silibala mwana monga ng'ombe, silipereka lendi monga nyumba. M'malo mwake mwini amalipira malo osungira ndi inshuwalansi chaka ndi chaka, ndipo tsiku logulitsa wamalonda amatengapo gawo lake.

Vuto lina nlakuti chimene chili m'botolo nchovuta kuchiyesa popanda kuchiwononga, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2008 Laurent Ponsot, mlimi wa mpesa wa ku Burgundy, adamva kuti pa okushoni ina ku New York akugulitsa vinyo wa banja lake wa Clos Saint-Denis wa zaka zoyambira 1945, pamene iye ankadziwa bwino lomwe kuti banjalo lidayamba kupanga vinyo ameneyo mu 1982. Adakwera ndege, nakafika pa malo a malondawo, ndipo mabotolowo adachotsedwa. Mwini mabotolowo adali Rudy Kurniawan, mnyamata wochokera ku Indonesia amene olemera ankamulemekeza chifukwa cha lilime lake lodziwa kulawa. Pamene apolisi a FBI adalowa m'nyumba mwake ku California mu 2012, adapeza mabotolo akale opanda kanthu, zotsekera, zidindo ndi milu ya mapepala omata osindikizidwa mayina a minda yotchuka. Mu 2014 adamulamula kukhala m'ndende zaka 10. Nchifukwa chake ogula ochenjera amafunsa mbiri ya bokosi lililonse, kumene lidachokera ndi manja amene lidadutsamo, amayang'ana pamene vinyo walekezera m'khosi mwa botolo, ndipo amakonda bokosi limene silidatulukepo m'nyumba yosungira yovomerezeka ndi boma.

Ku Beaune, mumtima mwa Burgundy, kuli chipatala chimene Nicolas Rolin ndi mkazi wake Guigone de Salins adamangira aumphawi mu 1443, ndipo kwa zaka mazana anthu amtima wabwino akhala akuchisiyira minda ya mpesa monga cholowa. Kuyambira 1859, vinyo wa minda imeneyi amagulitsidwa pa okushoni, masiku ano Lamulungu lachitatu la Novembala, ndipo ndalama zake zimathandiza odwala ndi okalamba. Kumeneko kukuoneka poyera chimene wosunga chuma m'mabotolo sayenera kuiwala: mtengo wa vinyo umachokera ku thukuta la mlimi amene adadzuka usiku wa chisanu cha Epulo kukayatsa moto pakati pa mizere kuti mphukira zisafe, ndipo umathera pa tebulo la munthu amene adzatsegula botolo nagawira abale ake. Onse akamasunga osapezeka wakumwa, mtengo umasowa poimira. Wofuna kulowa malondawa aikemo ndalama imene angathe kuiiwala zaka 10, agule kwa anthu okhulupirika, asankhe vinyo amene iye mwini angakondwe kumwa msika ukamukana, ndipo adekhe, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.