Galu mmodzi akatsokomola, samalani khola lonse

"Adokotala, galu wanga watsamwa fupa." Awa ndi mawu amene ife madokotala a ziweto timawamva kawirikawiri, makamaka nyengo yozizira ndi ya fumbi. Galuyo amatsokomola mouma ndi mobwerezabwereza, n'kutambasula khosi, kenako n'kulavula thovu loyera pang'ono. Tikamuyeza, nthawi zambiri fupa sitilipeza. Chimene timapeza ndi chifuwa chopatsirana cha agalu, chimene mabuku athu amachitcha kennel cough. Funso langa loyamba kwa mwiniwake limakhala lakuti, "Kwanu muli ndi agalu angati?" Yankho lake ndilo limatiuza kukula kwa ntchito imene ili patsogolo.

Chifuwachi sichibwera ndi kachilombo kamodzi. Pali bakiteriya wotchedwa Bordetella bronchiseptica, yemwe ndi wachibale wa bakiteriya woyambitsa chifuwa chokoka mtima mwa ana a anthu. Palinso mavairasi monga parainfluenza ndi adenovirus wa mtundu wachiwiri, komanso tizilombo tina totchedwa Mycoplasma. Kawirikawiri tiwiri kapena titatu timagwira galu nthawi imodzi. M'kati mwa kholingo muli timaubweya tosaoneka ndi maso timene timagwira ntchito ngati tsache, kusesa fumbi ndi makhololo kuti zisafike m'mapapo. Tizilomboti timawononga timaubweyati, kholingo n'kutupa. Zikatero, galu akangouwa, akathamanga kapena akakokedwa ndi lamba wa m'khosi, chifuwa chimayambika.

Matendawa amayenda mu mpweya galu akatsokomola kapena kuyetsemula. Amayendanso kudzera m'mbale za madzi, zogonera, ndi m'manja mwa munthu wosamalira agaluwo. Kuchokera tsiku limene galu watenga tizilomboti, pamatha masiku a pakati pa 2 ndi 14 asanayambe kutsokomola. Apa ndi pamene pagona nkhani kwa amene muli ndi agalu ambiri: pamene mukumva woyamba akutsokomola, anzake amene amagona naye ndi kumwera naye mbale imodzi atenga kale. M'matauni mwathu agalu olondera nyumba amatsekeredwa m'kakhola kamodzi usana wonse, kopanda mawindo okwanira, n'kumasulidwa usiku. Khola lotere limafalitsa chifuwa mofulumira kwambiri.

Musanachite china chilichonse, pali matenda awiri oopsa amene muyenera kuwakumbukira. Oyamba ndi chiwewe. Galu wachiwewe amalephera kumeza, amatuluka dovu, chibwano chimalendewera, mawu amasintha, ndipo amaonekadi ngati watsamwa chinthu. Ndikupemphani, musalowetse dzanja m'kamwa mwa galu kukafuna fupa. Ngati wakulumani kapena malovu ake akhudza bala, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Achiwiri ndi distemper, amene amagwira kwambiri ana agalu osalandira katemera. Amayamba ndi chifuwa, manthongo m'maso ndi mamina olimba, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba, pomaliza kunjenjemera kwa minofu ndi kukomoka. Galu wa chifuwa wamba sakhala choncho. Amadya, amagwedeza mchira, amakulandirani pageti, kungoti akutsokomola.

Kwa galu wamkulu wathanzi, chifuwachi chimatha chokha pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Ntchito yanu ndi kumuthandiza kuti kholingo lipole. Mupumitseni, asathamange ndipo asakhale pamalo pamene aziuwa odutsa mumsewu tsiku lonse. Chotsani tcheni kapena lamba wa m'khosi. Ngati n'kofunika kumumanga, gwiritsani ntchito lamba wodutsa pachifuwa ndi m'mapewa. Musunthireni kutali ndi utsi wa kukhitchini, wa mbaula ndi wa zinyalala zowotcha. Wazani madzi pabwalo musanasese. Usiku agone pouma, pofunda, koma podutsa mpweya. Chakudya chikhale chofewa, chothira msuzi wofunda wopanda anyezi, ndipo madzi oyera asasowe.

Tsopano gawani agalu anu m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la amene akutsokomola. Lachiwiri ndi la akuluakulu amene sanayambe koma akhala limodzi ndi odwala. Lachitatu, limene ine ndimaliganizira kwambiri, ndi la ofooka: ana agalu osakwana miyezi isanu ndi umodzi, agalu okalamba, a bere, odwala mtima, ndi a mphuno zazifupi monga Pug ndi Bulldog. Awa ndi amene chifuwa chimawatsikira m'mapapo n'kusanduka chibayo. Ngati malo ndi ochepa moti simungathe kupatula onse, yambani ndi kuchotsa ofookawo. Waya wokha pakati pa makola sutchinga mpweya. Pafunika khoma kapena mtunda wa mamita angapo. Usiku amasuleni mosinthana, osati onse pamodzi.

Gulu lililonse likhale ndi mbale zake. Podyetsa, yambani ndi ofooka, kenako amene sanayambe kudwala, odwala pomaliza, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukamaliza. Ngati amene amadyetsa agalu ndi mlonda kapena wantchito wa pakhomo, mufotokozereni dongosololi bwinobwino ndi chifukwa chake, popeza iye ndiye amayenda pakati pa makola onse. Potsuka, yambani ndi sopo kuchotsa litsiro, kenako thirani bulichi monga Jik, muyezo umodzi m'miyezo 32 ya madzi. Dikirani mphindi 10, tsukuluzani, ndipo siyani paume agalu asanalowe. Zofunda zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa.

M'mawa ndi madzulo yenderani galu aliyense payekha. Kodi wamaliza chakudya? Kodi mamina ndi amadzimadzi, kapena asanduka achikasu kapena obiriwira? Akagona tulo, werengani mmene nthiti zikukwerera: galu wathanzi sapitirira ka 30 pa mphindi. Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, galu wathanzi amakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2. Galu amene wasiya kudya, wafooka, watentha thupi, akupuma movutikira kapena nkhama zake zayera kapena zachita mdima, ameneyo ayenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo. Imbani foni musananyamuke, ndipo mukafika dikirani naye panja kuti asapatsire agalu ena amene abwera ndi mavuto ena.

Pa nkhani ya mankhwala ndi pamene timasiyana maganizo ndi eni agalu ambiri. Amafuna jakisoni kwa galu aliyense pakhomo, wodwala ndi wosadwala yemwe. Koma mankhwala opha mabakiteriya sapha mavairasi, ndipo galu amene akudya ndi kusewera nthawi zambiri sawafuna. Timapereka mankhwalawa tikaona kutentha thupi, kufooka, kukana chakudya pamodzi ndi mamina amafinya. Pamenepo timakonda kuyamba ndi doxycycline kwa masiku 7 mpaka 10, muyezo wake motsatira kulemera kwa galu, ndipo amwe ndi chakudya. Makapusozi a amoxicillin otsala m'kabati mwanu sangathe kupha Mycoplasma. Kumwetsa agalu mankhwala otere mwachisawawa kumangothandiza mabakiteriya kuti asiye kumva mankhwala, vuto limene likuvutitsa kale zipatala za anthu. Mankhwala oletsa kutsokomola timapereka pokhapokha chifuwa chikakhala chouma ndipo chikumulepheretsa kugona. Pa chibayo mankhwalawa amatsekera makhololo m'mapapo. Musamupatse galu ibuprofen, amawononga m'mimba ndi impso. Panado komanso mankhwala a chifuwa a anthu musapereke popanda dokotala, ndipo kwa mphaka Panado amapha.

Amphaka nawo amatha kutenga Bordetella, choncho asamagone kapena kumwera pamodzi ndi agalu odwala. Kwa anthu sizichitikachitika, koma amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika kwambiri ndi bwino asiyire ena ntchito yosamalira galu wodwala.

Chifuwa chikatha, musafulumire kutsegula geti. Bordetella amatha kutulukabe m'mphuno mwa galu kwa masabata angapo atachira. Werengani masabata awiri kuchokera tsiku limene galu womaliza wasiya kutsokomola, ndipo ngati pali tiana tagalu pafupi, onjezerani. Pa nthawi imeneyi musabweretse galu watsopano, musagulitse ana agalu, ndipo musabwereketse mphongo yanu kwa anzanu. Chifuwa chopitirira masabata atatu, makamaka kwa galu wokalamba, chimafuna kupimidwa mozama, chifukwa mtima wodwala nawo umatsokomoletsa.

Ambiri amandionetsa khadi la katemera wa chiwewe n'kudabwa kuti galu wadwala bwanji. Katemera ameneyo, monga amene bungwe la Mission Rabies lakhala likupereka mu Blantyre kuyambira 2015, ndi wofunika koposa, koma amateteza ku chiwewe chokha. Pali katemera wina wophatikiza amene amateteza ku distemper, parvo, adenovirus ndi parainfluenza. Mwana wagalu amayamba kulandira ali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kubwereza mpaka atakwanitsa masabata 16. Katemera wa Bordetella ndi wapadera, nthawi zambiri wodonthezera m'mphuno, ndipo amabwerezedwa chaka ndi chaka. Popeza tizilombo ndi tambiri, galu wolandira katemera akhoza kutsokomolabe, koma sadwala kwambiri ndipo amachira msanga. Katemera sachiza galu amene wadwala kale.

Kwa inu amene mukuweta agalu awiri, atatu kapena kuposa apo, konzekeranitu chifuwa chisanabwere. Khalani ndi malo opatulirako wodwala, boolani mawindo m'makola, sungani makhadi a katemera a agalu onse, ndipo galu aliyense watsopano, kaya mwamugula m'mphepete mwa msewu kaya kwa woweta wodziwika, akhale payekha masabata awiri asanasakanikirane ndi anzake. Mukamva galu mmodzi akutsokomola, patulani ofooka tsiku lomwelo ndipo imbirani dokotala wa ziweto wa m'dera lanu.