Muli Kunja Ndipo Mukufuna Puloti Kumudzi? Werengani Kaye Musanatumize Ndalama

Agogo athu akamabwera kuchokera ku Wenela kapena ku Theba, mudzi wonse unkadziwa. Ankatsika ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi sutikesi yachitsulo. Masiku ano zinthu zinasintha. Wachinyamata wa ku Mangochi, Mzimba kapena Nkhata Bay amene akuthamangathamanga ku Johannesburg, Cape Town, Dublin kapena London amadziwa kuti chosonyeza kuti sanapite kukasewera ndi chimodzi: puloti, kenako nyumba.

Koma nkhani zake timazimvanso. Wina anatumiza ndalama zaka zitatu, pobwera n'kupeza maziko okhaokha atamera udzu. Wina puloti anaigula bwinobwino, koma inali itagulitsidwa kale kwa anthu ena awiri. Winanso nyumba inamangidwadi, yokongola, koma mapepala ali m'dzina la achimwene. Zopweteka kwambiri n'zakuti ambiri mwa mavutowa amapeweka ndi zinthu zochepa zimene mungachite muli komweko, foni ili m'manja.

Dziwani kaye mtundu wa malowo

Funso loyamba si lakuti "ndi zingati?" ayi. Funsani kuti malowo ali m'manja mwa ndani ndipo ndi amtundu wanji. Malamulo a malo omwe anakhazikitsidwa mu 2016 ndi kukonzedwanso mu 2022 amasiyanitsa malo aboma ndi malo omwe munthu angakhale nawo ngati ake. M'matauni, mapuloti ambiri amakhala a lease, kutanthauza kuti mwini nthaka wakubwerekani malowo kwa zaka zoikika, kawirikawiri zaka 99 kwa nzika. Mwini nthakayo akhoza kukhala Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, kapena Malawi Housing Corporation. Aliyense mwa awa ali ndi kaundula wake, ndiye muyenera kudziwa khomo loyenera kugogoda.

Kumudzi ndi m'madera ozungulira mizinda, malo ambiri ndi amakolo, omwe amayang'aniridwa ndi mafumu. Apa ndi pomwe anthu ambiri akunja amagwera m'mbuna chifukwa mitengo yake imaoneka yabwino. Zoona zake n'zakuti amfumu ndi osunga malo m'malo mwa anthu awo, si eni ake oti angagulitse mmene afunira. Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ndi umboni wothandiza, koma si title deed. Lamulo la malo amakolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo, otsogozedwa ndi agulupu, omwe amaunika amene akufuna kulembetsa malo otere m'dzina lake. Ngati wogulitsa sakufuna kuti nkhani ifike kwa akuluakulu a banja lake, kwa amfumu ndi ku ofesi ya malo kwa DC, dziwani kuti pali chimene akubisa. Nthawi zambiri amakhala mwana mmodzi akugulitsa munda wa banja lonse abale ake asakudziwa.

Pasipoti yanu ndi ya dziko liti?

Ili ndi funso lomwe matchona ambiri saliganizira. Malamulo athu amasiyanitsa kwambiri nzika ndi mlendo pa nkhani ya malo. Munthu yemwe si nzika sangalembetse malo amakolo m'dzina lake, ndipo kusintha kwa malamulo kwa mu 2022 kunakhwimitsa kwambiri kugulitsa malo kwa anthu omwe si nzika. Alendo ofuna malo ochitirapo bizinesi yaikulu amadzera ku Malawi Investment and Trade Centre, ndipo lease yawo imakhala ya zaka zochepa poyerekeza ndi ya nzika.

Ndiye ngati munatenga unzika wa Britain, America kapena South Africa, musangoti "ine ndinabadwira ku Queens, ndine Mmalawi basi." Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, koma muyenera kulongosola mapepala anu ku Immigration kuti zidziwike kuti ndinu nzika mbali zonse. Chitani zimenezi musanayambe zogula. Chimodzimodzinso ngati mwakwatira kapena kukwatiwa ndi munthu wa dziko lina: funsani loya ngati dzina la mnzanuyo lingalowe nawo pa mapepala. Ndipo ngati muli ndi bwenzi lachilendo lomwe likukupemphani kuti "tingolemba dzina lako, ndalama ndipereka ine," dziwani kuti mukulowa m'nkhani yomwe ingakuthereni moipa nonse awiri.

Fufuzani ku Lands, osati pa WhatsApp

Chithunzi cha title deed chomwe dobadoba wakutumizirani pa WhatsApp si umboni wa chilichonse. Mapepala abodza alipo, ena okongola kuposa enieni. Chofunika ndi nambala ya title kapena ya puloti. Ndi nambala imeneyo, loya wanu akachite search ku kaundula wa malo. Maofesi akuluakulu a Lands ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Search imaonetsa dzina la mwini wake weniweni, kukula kwa malo, zaka zomwe zatsala pa lease, komanso ngati malowo anaperekedwa chikole ku banki kapena wina anaikapo chiletso.

Dzina lomwe latuluka pa search lifanane ndi lomwe lili pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo. Akakuuzani kuti "malowa anali a malemu bambo," funsani mapepala a kukhoti osonyeza kuti iyeyo ndi amene anapatsidwa mphamvu zoyendetsa chuma cha masiye. Akakuonetsani offer letter yokha, dziwani kuti imeneyo ndi kalata yongomupatsa mwayi wa puloti, ndipo mwina sanamalize n'kulipira komwe. Pitani kwa amene anapereka kalatayo mukamve ngati amalola kusintha dzina komanso ngongole yatsala zingati.

Loya akhale wanu, wosankha nokha, osati amene wabwera ndi wogulitsa. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya omwe ali ndi chilolezo chogwira ntchito, ndipo mukhoza kutsimikiza dzina muli kunja komweko. Inde loya amalipitsa, koma yerekezani ndalamazo ndi thukuta la zaka zitatu. Paja safunsa anadya phula.

Pafike munthu pamalopo

Mapepala akhoza kukhala abwino koma malo ake ali ena. Tumani woyeza malo wovomerezeka akapeze mabikoni n'kutsimikiza kuti puloti yomwe mwaonetsedwa ndi yomwe ili pa mapu. Tumaninso munthu wina wosiyana, yemwe sakudziwana ndi wogulitsa, akacheze ndi anthu oyandikana nawo. Maneba amadziwa zambiri: amene anabwera mwezi watha kudzaona malo omwewo, mkangano wa malire, ndiponso ngati pamadzadza madzi nthawi ya dzinja.

Mupempheni akuimbireni video call ali pamalopo, akutumizireninso location kuti muone nokha pa Google Maps. Yang'anani ngati puloti ili pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, m'mphepete mwenimweni mwa msewu, m'dambo, m'mbali mwa mtsinje kapena m'phiri. Malo otere amatchipa pa chifukwa. Makhonsolo amagwetsa nyumba zomangidwa malo oletsedwa, ndipo tonse tikukumbukira zomwe namondwe wa Freddy anachita mu March 2023 kwa anthu okhala m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre.

Za achibale tinene mosabisa

Apa ndiye pamavuta, chifukwa palibe amene amafuna kuoneka ngati sakhulupirira amayi ake aang'ono kapena mchimwene wake. Koma taganizirani: mukutumiza mamiliyoni kwa munthu yemwe mwana wake wathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, kunyumba ufa watha. Ngakhale munthu wabwino amayesedwa. Kuika zinthu m'dongosolo ndi njira yotetezera ubalewo.

Lamulo loyamba: malo alembedwe m'dzina lanu. Zoti "tilembe kaye dzina langa, ukabwera tidzasintha" zaphetsa maubale ambiri. Pamaso pa kaundula, mwini malo ndi amene dzina lake lalembedwa. M'baleyo atamwalira mwadzidzidzi, puloti yanu ingalowe m'gulu la chuma cha masiye cha ana ake, inu n'kuyamba kuthamangira kukhoti.

Simukuyenera kubwera kuti dzina lanu lilembedwe. Pali chikalata chotchedwa power of attorney, chomwe chimapatsa munthu wina mphamvu yosaina m'malo mwanu. Loya wa ku Malawi akulembereni, inu mukasainire pamaso pa notary public komwe muliko, ndipo loyayo akuuzeni zidindo zina zofunika kuti chikalatacho chigwire ntchito kuno ndi kulembetsedwa ku Lands. Chofunika kwambiri ndi mawu ake. Chitchule puloti yake ndi ntchito yake: kugula ndi kulembetsa m'dzina lanu, basi. Musapereke mphamvu zogulitsa kapena zokakongolera ndalama ku banki. Ntchito ikatha, chithetseni.

Ganiziraninso kawiri musanamange nyumba yaikulu pa malo a banja. Kumadera a chikamwini, malo ndi a mbumba ya mkazi. Kumpoto ndi kwina komwe amalowola, malo ndi a kuchimuna. Banja likatha kapena mmodzi akatisiya, wobwerayo amapezeka kuti nyumba anamanga koma nthaka si yake, ndipo nyumba sinyamulidwa.

Ndalama zisiye mapazi

Musapatsire ndalama za puloti dalaivala wa basi kapena mnzanu amene akupita kumudzi. Tumizani kudzera ku banki kapena njira zodziwika ngati Mukuru ndi WorldRemit, ndipo sungani umboni uliwonse. Mabanki angapo a ku Malawi ali ndi maakaunti a anthu okhala kunja, omwe amakulolani kulipira nokha wogulitsa, loya kapena sitolo ya simenti popanda kudzera m'thumba la munthu.

Pakhale mgwirizano wolembedwa, wosainidwa pamaso pa mboni, wotchula mtengo, puloti ndi masiku olipirira. Musalipire zonse pakamodzi. Perekani gawo loyamba search ikatuluka bwino, zotsalazo zidikire mapepala osinthira umwini. Loya akhoza kusunga ndalamazo mpaka zonse zitalongosoka, komanso kuika chiletso ku kaundula kuti malowo asagulitsidwenso kwa wina nkhani ili mkati.

Kumbukiraninso kuti kwacha simakhazikika. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera nthawi yomweyo. Kuunjika makwacha mu akaunti ya munthu podikira tsiku loyamba kumanga n'kudziluzitsa. Tumizani ndalama za gawo limodzi la ntchito, muone zithunzi ndi malisiti, kenako mutumize zina.

Mukalipira, ntchito sinathe

Anthu ambiri akalandira mapepala a mwini wakale amaika m'sutikesi n'kumati zatheka. Ayi ndithu. Umwini uyenera kusinthidwa ku kaundula. Pamafunika chilolezo cha mwini nthaka ngati malowo ndi a lease, chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, kulipira stamp duty, ndi kuonetsetsa kuti palibe ngongole ya ground rent kapena city rates. Muuzeni loya akulembereni ndalama zonsezi pachiyambi pomwe kuti muziike mu bajeti. Zikatha, chitaninso search ina muone dzina lanu ndi maso anu.

Lease imabweranso ndi zoyenera kutsata. Mumayenera kulipira ground rent chaka ndi chaka ndi kumanga mkati mwa nthawi yoikika, apo ayi mwini nthaka ali ndi mphamvu zolanda puloti. Pulani ya nyumba ivomerezedwe ndi khonsolo musanakumbe maziko. Ndipo puloti yongokhala tchire imaitana anthu olowerera. Imangireni mpanda, kapena muike woyang'anira, koma naye mulemberane kuti akungosunga.

Pomaliza, lembani wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi, mwamuna ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Komabe ngati muli ndi ana kuno ndi ena kunja, wilo ndi imene ingawapulumutse ku mikangano. Mnzanu wapabanja adziwe komwe kuli mapepala, ndipo makope ake muwasunge mu imelo yanu.

Nanga kugula komweko ku Joni?

Ena anakhazikika ndipo akuganiza zogula komwe ali. Ku South Africa mlendo amaloledwa kukhala ndi nyumba m'dzina lake. Mgwirizano wogula umayenera kukhala wolembedwa, umwini umasinthidwa ndi loya wotchedwa conveyancer, ndipo umalembetsedwa ku Deeds Office. Mabanki amayang'ana mtundu wa permit yanu, ndipo munthu wosakhala m'dzikomo nthawi zambiri amabwerekedwa theka lokha la mtengo wa nyumba.

Chenjerani ndi nyumba za RDP. Zimenezi boma limapereka kwa anthu ake osauka, ndipo lamulo limaletsa kuzigulitsa zisanathe zaka 8. Amene "amagula" nyumba zotere ndi kapepala kosainirana kupolisi amapezeka kuti alibe chilichonse mwini wake kapena ana ake akabwerera. Mkhukhu wa m'komboni nawo mumagula malata ndi mitengo yokha, nthaka si yanu. Kugula nyumba sikukupatsaninso chilolezo chokhala m'dzikomo. Permit ikatha, yatha.

Kaya mukugula ku Area 49, ku Chileka, ku Luwinga kapena ku Cape Town, dobadoba adzakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa m'mawa. Musiyeni wa mawayo agule. Inu pemphani nambala ya puloti, dzina lonse la mwini wake ndi sabata ziwiri zoti loya wanu afufuze. Wogulitsa wachilungamo adikira.